Mawu Ofotokozera Kayezedwe ka Chiphe cha mu Utsi

Moto ukabuka m'nyumba, anthu ambiri amafa ndi zimene apuma, osati ndi malaŵi a motowo. Ndi mmenenso zinakhalira pa ngozi ya ndege ku Manchester m'chaka cha 1985: mwa anthu 55 amene anafa, 48 anafa chifukwa chopuma utsi ndi mipweya yoipa. Nchifukwa chake akatswiri amatentha zidutswa za matiresi, nsalu ndi mapulasitiki m'ng'anjo zapadera kuti adziŵe kuopsa kwa utsi wake. Polemba za ntchitoyi m'Chicheŵa, pali mawu ofunika kusamala nawo.

1. Kuyeza ndi kuyesa

Kuyesa ndi kuchita chinthu pofuna kuona ngati chitheka. Kuyeza ndi kupeza kukula kapena kuchuluka kwa chinthu. Choncho kalembedwe koyenera ndi "kuyeza utsi", osati "kuyesa utsi".

2. Utsi ndi mpweya

Utsi umaoneka ndi maso, pomwe mipweya yambiri yakupha ya mu utsimo siioneka. Kaboni monokisaidi alibe mtundu kapena fungo, koma amakanirira m'magazi kuposa okosijeni koposa ka 200, motero thupi limasoŵa mpweya wabwino. Ubweya, nailoni ndi siponji ya matiresi zikamapsa zimatulutsa haidirojeni sayanaidi, pamene pulasitiki ya PVC imatulutsa haidirojeni kuloraidi, amene amaŵaŵa m'maso ndi kukhosi.

Mlembi amene amatchula kaboni monokisaidi kuti "utsi" amasokeretsa oŵerenga. Iwo angaganize kuti mbaula ya makala ikaleka kufuka, palibenso choopsa kugona nayo m'nyumba yotseka mazenera, chonsecho makalawo akutulutsabe mpweya wakuphawo.

3. Chiphe ndi ukali wa chiphe

Mawu akuti "ululu" amakhudza njoka, zinkhanira ndi kuŵaŵa kwa m'thupi. Pa nkhani ya utsi, mawu oyenera ndi "chiphe" kapena "poizoni". Chimene akatswiri amayeza ndi "ukali wa chiphe", ndipo chizindikiro chake ndi LC50, kutanthauza kuchuluka kwa utsi kumene kumapha theka la makoswe amene aupuma kwa mphindi 30. Nambala ikakhala yaing'ono, ndiye kuti chiphecho nchaukali kwambiri. Muyezo wa ISO 13344, umene unatuluka koyamba m'chaka cha 1996, umalola kupeza nambalayi poŵerengera mipweya ya mu utsi, m'malo mopha makoswe ambiri.

Zizindikiro monga LC50, PVC ndi ISO zilembedwe monga zilili, popeza ndi mmene oŵerenga adzazipezere m'mabuku a sayansi.