Dzaleka wa Kale, Dzaleka wa Lero

Kale dzina la Dzaleka anthu ankalitchula monong'ona. M'nthawi ya Kamuzu Banda, malo amenewa, m'boma la Dowa, anali ndende ya otsutsa boma ndi a Mboni za Yehova. Dzina lenilenilo linali lumbiro la munthu amene wakhaula: ndidzaleka. Tangoganizani mwera wa mu Juni ukutsika m'mapiri a Dowa, mkaidi ali nyonyomalire, manja ali matuza okhaokha chifukwa cha khasu. Masiku amenewo chithunzi choimira chipani cholamula chinali tambala wakuda, ndipo wojambula china ankaputa mavu.

Mu 1994 ndende ija inasanduka msasa wa othawa nkhondo a ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Koma maonekedwe anali omvetsabe chisoni: tinyumba tazidina tothithikana, madenga otsindira ndi miyala, zigubu zachikasu ndondondo pamjigo, fumbi lofiira mpaka m'nsidze.

Ndiye mu 2014 mlakatuli wina wochokera ku Lubumbashi, Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero pompo, n'kuchitcha Tumaini, mawu a Chiswahili otanthauza chiyembekezo. Kulowa kwake n'kwaulere.

Lero mukafikako masiku a chikondwererochi, mungakane kuti ndi pomwe paja. Msewu umene anthu ankadzeramo akulira umadzaza galimoto za ku Lilongwe. Anyamata a ku Burundi amalowa m'bwalo atasenza ng'oma zikuluzikulu pamutu, akuziomba uku akuyenda. Apa magitala a rumba, apo ndakatulo za m'Chifalansa, uko nsalu zojambulidwa zili mbwee, utoto uli waliwali, fungo la chapati lili guu. Alendo amalipira kuti agone m'nyumba za othawa nkhondo. Wopempha malo uja lero ndiye akuyala mphasa!

Afalansa chifaniziro chawo cha ufulu ndi mayi wovala kachipewa kofiira, Marianne. Pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, boma la France la nthawi imeneyo, lotchedwa la Vichy, linachotsa ziboliboli zake m'maofesi ambiri, koma dziko litamasulidwa mu 1944 mayiyo anabwerera pamalo pake. Ku Dowa kuno sanasemetse mayi aliyense. Anangotenga malo a lumbiro la mantha n'kuwapatsa dzina lachiwiri. Kuthithikana kulipobe, zigubu zikadali pamzere, koma kamodzi pachaka woimba wa ku Dzaleka akatsika pansanja, khamu limakuwa kuti asaleke.