Ulendo wa Masika ku Maniamba ndi Kugombe la Lago

Tsidya la kum'mawa kwa nyanja yathu, moyang'anana ndi Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kuli boma la Lago, m'chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique. Likulu lake ndi Metangula, ndipo madera ena odziwika ndi Maniamba, Lunho, Meluluca ndi Cobué. M'mbali mwa nyanja mumakhala Anyanja, pomwe kumtunda kwachuluka Ayao. Munthu wolankhula Chichewa safunikira womutanthauzira kumeneku. Chipwitikizi chimafunika pa ofesi ndi pachipata cholowera m'dziko, koma pamsika, padooko ndi pakhomo pa munthu, chinenero chathu chomwechi chimakwanira.

Dera limeneli silili ngati mizinda ikuluikulu kumene mlendo amasankhiratu nyumba zodyera asananyamuke kwawo. Kuno ulendo umakonzedwa poyang'ana zinthu zitatu: nyengo, mphepo ya panyanja, ndi zimene dothi ndi madzi zikupereka pa nthawiyo. Wodziwa zitatuzi amadya bwino ndi kuona zambiri, ngakhale ndalama zake zikhale zochepa.

Nthawi yabwino yopitira

Mvula imagwa kuyambira mu Novembala kapena Disembala mpaka kumapeto kwa Malichi, nthawi zina kulowa mu Epulo. M'miyezi imeneyi misewu yafumbi imaterera, mitsinje imadzaza, ndipo galimoto ikhoza kugona panjira. Kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawindula nyanja kwa masiku angapo, asodzi n'kukokera mabwato awo pamchenga. Chilimwe cha mu Okutobala nacho n'chotentha kwambiri kugombe.

Choncho nyengo yokomera mlendo ndi masika, kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumapeto kwa Meyi. Matope amakhala atauma, mapiri akadali obiriwira, nyanja itadzaza kufika pachimake, ndipo mwera usanalimbe. Ndi nthawi yomweyonso imene m'midzi mumakhala mwanaalirenji: mondokwa, maungu, mtedza wauwisi, nzimbe ndi mbatata.

Njira yake

Wochokera ku Malawi amadzera pachipata cha Chiponde n'kulowa ku Mandimba, kenako amayenda makilomita pafupifupi 150 kukafika ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, limene Apwitikizi ankalitcha Vila Cabral. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndiye kumazizira madzulo, juzi isatsale. Kumeneku n'kumene mlendo ayenera kusintha ndalama kuti akhale ndi mameticais okwanira, ndipo ambiri akhale ang'onoang'ono, chifukwa mayi wogulitsa nthochi pamsewu sakhala ndi chenje cha ndalama yaikulu. Kuchokera ku Lichinga kufika ku Metangula ndi makilomita opitirira pang'ono 100, ndipo maminibasi, amene eni dziko amati chapa, amanyamuka m'mawa akadzaza.

Maniamba

Maniamba ali pamsewu womwewu, pafupi ndi mtsinje wa Messinge, mtunda utatsala pang'ono kutsetserekera kunyanja. Apaulendo ambiri amangoimapo mphindi zochepa, komatu ndi pamalo pamene zakudya za kumapiri zimakumanirana ndi za kunyanja. Ochokera kugombe amakwera ndi madengu a usipa ndi utaka wouma, ndipo potsika amanyamula chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, zimene zimachita bwino m'dothi lofiira la kumtunda. Nyemba za ku Niassa n'zotchuka m'dziko lonse la Mozambique. Wofika pano masana apemphe nsima yachimanga ya nyemba zatsopano, kapena nkhwani wotendera, pakuti akatsikira kugombe adzapeza nsima yamtundu wina.

Pansi pa nthaka ya dera limeneli pali malasha, komanso miyala yakalekale yosunga mafupa a nyama zimene zinatha. M'chigwa cha Metangula akatswiri anafukula chigaza cha kanyama kamene kanali ndi moyo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ndipo m'chaka cha 2013 anakatcha Niassodon mfumukasi. Mlendo akaona mafupa osanduka mwala m'khwawa, asatole. Ndi chuma cha dziko, ndipo ayenera kudziwitsa amfumu.

Nkhalamba za pa Maniamba zimakumbukiranso nkhondo. Pa nthawi yomenyera ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974, Apwitikizi anali ndi msasa wa asilikali pamalopa, ndipo msewu wopita kunyanja unali woopsa chifukwa cha mabomba okwirira pansi. Mabanja ambiri anathawira ku Likoma, ku Nkhotakota ndi ku Tanzania, ndipo ena anathawanso pa nkhondo yachiweniweni imene inatha m'chaka cha 1992. N'chifukwa chake si zachilendo kukumana ndi munthu wa ku Lago amene anaphunzira sukulu ku Malawi ndipo akufunsa za abale ake a tsidya lino.

Kutsikira ku Metangula

Kuchoka pa Maniamba msewu umakhotakhota potsika phiri, ndipo nyanja imaonekera patali pakati pa mitengo ya m'tchire. Madzi ake ali pamtunda wa mamita osakwana 500, ndiye potsika kutentha kumawonjezeka, milambe ndi mitengo ya mango n'kuyamba kuchuluka. Tawuni ya Metangula inamangidwa pakachigawo ka mtunda kolowa m'nyanja. M'nthawi ya atsamunda inkatchedwa Augusto Cardoso ndipo panali dooko la asilikali apamadzi. Makilomita ochepa chakumpoto kuli gombe la Chuanga, la mchenga woyera, kumene anthu a ku Lichinga amakonda kukapumulako Loweruka ndi Lamulungu.

Kadyedwe ka kugombe

Nyumba zodyera zilipo ku Metangula ndi ku Chuanga, zina za pamalo ogona alendo, zina timakumbi totchedwa barraca. Lamulo lake ndi limodzi: kunena msanga. Ophika sasunga chakudya chophikaphika kudikira munthu amene sakumudziwa. Mlendo wanzeru amapita m'mawa, n'kupereka moni, n'kufunsa kuti, "Mayi, lero kwatuluka nsomba zanji?" Akamva kuti kuli chambo, kampango kapena ncheni, amanena chimene akufuna ndi nthawi imene adzabwere. Wofika dzuwa lili paliwombo njala itamugwira amadikira kuti nkhuku igwidwe, isosoledwe ndi kuphikidwa.

Nsima ya kugombe ndi kondowole, ndipo kakonzedwe kake n'kofunika kukaona. Amayi amakumba chinangwa, n'kuchisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi kuti chifewe ndi kuchoka ululu wake. Akachivuula amachiyanika pathandala kapena pathanthwe, chikauma amasinja ndi kusefa. Pophika sayamba ndi phala monga nsima yachimanga. Madzi akawira, mayi amaphula mphika, amaupanikiza ndi mapazi, n'kuthira ufa wonse akuvundula ndi mphamvu mpaka nsimayo itanamphuka ngati ulimbo. Ndiwo zake ndi chigwada, masamba a chinangwa osinja ophikidwa ndi nsinjiro, kapena usipa wofutsa wa tomato. Chizolowezi cha Apwitikizi chinasiyanso zake: buledi wamng'ono wa m'mawa wotchedwa pão, ndi nkhuku yootcha yopaka piripiri ndi mandimu.

Nyengo zina pamwamba pa nyanja pamaoneka chinthu chakuda chimene wachilendo amachiyesa utsi. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zedi. Tikafika kumtunda amayi amatikola ndi malichero onyowa, n'kutiumba timitanda, n'kutiyanika kuti tikhale ndiwo. Wopatsidwa alawe, ndi chakudya chopatsa thanzi.

Za mowa

   

Ku Lago chimanga chimasanduka mowa, koma ntchitoyi ndi ya pakhomo, ndipo kawirikawiri ili m'manja mwa amayi amene amapezerapo ndalama ya sopo ndi makope a ana. Pali thobwa la chimera, limene aliyense amamwa. Pali masese ofulula, amene amachuluka m'masika pa nthawi yokolola ndi pa miyambo. Kenako pali kachasu. Wotcheza kachasu amasakaniza madeya, shuga ndi madzi mumgolo, n'kuzisiya masiku angapo mpaka zitasasa. Akatero amathira mumtsuko waukulu n'kuutereka pamoto, kukamwa kwake atamata ndi dongo kapena phala la madeya kuti nthunzi isathawe. Nthunziyo imadutsa mumpope wachitsulo woboola mtondo wodzaza madzi ozizira, ndipo kumapeto kwa mpopewo imatuluka ili madontho ogwera m'botolo. Botolo loyamba, lotchedwa mutu, ndilo laukali kwambiri. Akadontheza pamoto limayaka lawi. Madzi a mumtondo akatentha amawasintha, ndipo moto suyenera kukula, apo ayi zam'mtsuko zimasefukira mumpope mowa n'kuwonongeka.

Mlendo wofuna kuona ntchito imeneyi apite ndi munthu wa m'mudzimo ndipo apemphe chilolezo, makamaka asanajambule chithunzi. Akumbukirenso kuti kachasu alibe muyeso wodziwika. Wapha anthu ndi kupasula mabanja ambiri, ndipo womwa asayandikire bwato, chiwongolero kapena madzi akuya. Wofuna mowa wa m'botolo apeza 2M, Laurentina ndi Manica, komanso Impala, amene anayamba kufululidwa ndi chinangwa ku Nampula m'chaka cha 2011. M'midzi ya Asilamu, imene ili yambiri kumtunda, mowa sutulutsidwa poyera ndipo sufunsidwa pakhomo pa munthu. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Zoona ndi zochita

Tsiku la kugombe liyambe mbandakucha padooko. Usiku wopanda mwezi asodzi amapita pakati pa nyanja ndi nyale, siginala ali m'bwato lake kukopa usipa ndi kuwalako, anzake akuzinga ndi khoka la chilimira. M'mawa amayi ogula amawachingamira ndi mabeseni, mitengo ikukambidwa mokweza, ndipo posakhalitsa mathandala amayera mbuu ndi nsomba. Pamalo a miyala, wosambira atavala magalasi a m'madzi amaona mbuna zamitundumitundu. Boma la Mozambique linalengeza mbali ina ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 2011, pofuna kusamala nsomba zimenezi ndi malo amene zimaswerana. Posamba afunse eni dera, chifukwa kumathiriro a mitsinje kumakhala ng'ona, ndipo m'mabango muli nkhono zofalitsa likodzo. Usiku agone m'neti.

Chakumpoto kwa Metangula kuli Messumba, mishoni yakale ya mpingo wa Anglican. M'busa William Percival Johnson anafika kugombe limeneli m'chaka cha 1882 ndipo anatumikira m'mbali mwa nyanja mpaka imfa yake m'chaka cha 1928. Sukulu ya pa Messumba inaphunzitsa Anyanja ambiri, ndipo tchalitchi chake chachikulu cha Bartolomeyo Woyera chikugwirabe ntchito. Wofika Lamulungu adzamva nyimbo za m'Chinyanja zimene mwina amaziimba kwawo. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, midzi imayamba kuitanizana ku magule: amuna amavina mganda atavala zoyera ndi kuliza malipenga a zikho, amayi amavina chioda. Tsiku la gule silimatidwa pakhoma, amadziwa ndi amfumu ndi achinyamata a padooko.

Wokhala ndi masiku okwanira apitirire ku Cobué, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Akatolika chimene chinawonongeka pa nkhondo. Kuchokera pamenepo chilumba cha Likoma chimaoneka pafupi. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi ngakhale zazingidwa ndi madzi a Mozambique, choncho wowoloka adinditse pasipoti yake pa ofesi ya ku Cobué asanakwere boti. Ku Likoma akaona tchalitchi cha Petro Woyera, chimene chinayamba kumangidwa m'chaka cha 1903.

Ulendo wonsewu umakwanira sabata imodzi: usiku umodzi ku Lichinga, masana amodzi pa Maniamba, masiku atatu ku Metangula, Chuanga ndi Messumba, otsalawo ku Cobué. Pa masiku amenewa limodzi likhale lopanda chochita chilichonse, makamaka kwa wofuna kuyenda panyanja kumapeto kwa Meyi. Mwera ukadzuka, mwini boti amakana kunyamuka ngakhale mutamuwonjezera ndalama, ndipo mlendo ayenera kumumvera, pakuti iyeyo ndiye anakulira pamadzipo.