Mtima Wofooka Pambuyo Pobeleka

Mai akabeleka, anthu m'komboni sadabwa akamuona wotopa. Koma ngati patapita milungu ingapo miyendo yatupa, akutsokomola usiku, ndipo akagona cagada mpweya ucepa mpaka afune mapilo atatu, cimeneco si kutopa wamba. Mwina mnofu wa mtima wafooka. Matendawa acedwa peripartum cardiomyopathy, ndipo abwela m'mwezi wotsiliza wa pakati kapena m'miyezi yoyamba mwana atabadwa. Mtima ukula, koma mphamvu yopopa magazi icepa.

Kwa zaka zambili madotolo sanali kudziwa cimene cionongetsa mtima wa mai amene anali bwino. Mu 2007 gulu la Denise Hilfiker-Kleiner ku Hannover, Germany, linapeza mbali ya yankho poyesa pa mbewa. M'thupi la mai muli prolactin, imene icititsa mawele kutulutsa mkaka. Mtima ukapanikizika ndipo citetezo cake n'cocepa, ka enzyme kena, cathepsin D, kamadula prolactin ngati sizasi. Kaduswa kotsalako ndiko koipa: kaononga timitsempha ting'onoting'ono todyetsa mnofu wa mtima, ndipo mnofu wosadya ulefuka. Mbewa zimene zinapatsidwa bromocriptine, mankhwala oletsa prolactin, zinapulumuka.

Karen Sliwa ndi anzake anayesa mankhwalawa pa azimai 20 pa cipatala ca Chris Hani Baragwanath ku Soweto, ndipo zotulukapo zinalengezedwa mu 2010. Mwa 10 amene anamwa bromocriptine anamwalila mmodzi. Mwa 10 enawo anamwalila anai. Nambala yake njocepa, ndiye ine sindinganene kuti nkhani inatha pamenepo. Mu 2016 kunapezekanso kuti azimai ena abadwa ndi colakwika m'cibadwa ca titin, puloteni ya mu mnofu wa mtima, ndiye cifukwa cake timafunsa ngati pabanja pali wina wodwala mtima.

Musathamangile kugula bromocriptine, ndipo musaleke kuyamwitsa cifukwa ca zimene mwawelenga pano. Mankhwalawa aumitsa mkaka, ndipo mkaka wa m'citini tonse tidziwa mtengo wake. Wosankha ndi dotolo, atapima mtima ndi makina a echo.

Inu azibambo ndi apongozi, mai wa zizindikilo izi mupelekeni ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo muuze anamwino tsiku limene anabeleka. Ambili acila akayamba mankhwala msanga. Za mimba ina ziyambe zadikila kufikila mtima utapimidwanso, pakuti matendawa akhoza kubwelela.