Mfundo 7 zodabwitsa za atolankhani, boma ndi mphekesera, kuyambira ku Phalombe

1. Mphekesera inasamutsa bungwe la United Nations ku Phalombe. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 nkhani ya anamapopa, imene akuti inachokera ku Mozambique, inagwedeza Mulanje ndi Phalombe. Anyamata ankatseka misewu ndi kusecha galimoto iliyonse, ndipo mlendo wonyamula chikwama ankayenda mtima uli m'mwamba. UN inachotsa antchito ake m'maboma awiriwa, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa. Madokotala sanapeze umboni woti wina anapopedwa magazi. WhatsApp ndi Facebook zinangowonjezera liwiro, koma nkhaniyo inkayenda kale pakamwa, pamsika ndi pachitsime.

2. Anamapopa anamangitsapo mtolankhani. Mu Januwale 2003, m'nthawi ya Bakili Muluzi, apolisi anagwira Maganizo Mazeze wa wailesi ya MIJ FM chifukwa choulutsa mawu a bambo wina wa ku Thyolo amene ankati anamupopa magazi. Boma linkaganiza kuti likatseka pakamwa pa wailesi, nkhaniyo ifa. Inangogona, n'kudzadzuka mu 2017 ili yolusa kuposa kale.

3. Mphekesera ya magazi ndi yakale kuposa intaneti. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, m'Blantyre munkamveka manong'onong'o oti boma likugulitsa magazi ku South Africa. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo nyuzipepala zinkaimba nyimbo ya chipani cha Kongeresi. Anthu atasowa wowauza zoona amene angamukhulupirire, anadziuza okha. Amene amati bodza linabwera ndi foni aiwala msanga.

4. Kuthawa m'dziko sikunapulumutse Mkwapatira Mhango. Mtolankhani ameneyu ankalemba zodzudzula ulamuliro wa Kamuzu Banda ali ku Lusaka. Mu Okutobala 1989 nyumba yake inaponyedwa bomba la moto, ndipo anafa pamodzi ndi a pabanja pake, ana omwe. Ambiri analoza chala akazitape a boma la Malawi.

5. Chimene chinagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi sichinali nyuzipepala ayi, koma kalata ya kutchalitchi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikunena poyera za umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kusowa ufulu wolankhula. Boma linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa. Koma ikanabwezedwa bwanji nkhani imene akhristu anamva kale ndi makutu awo? Makina a fakisi ndi ofotokopera m'maofesi ndiwo anali masamba a mchezo a nthawi imeneyo, ndipo anthu ambiri anagona m'chitokosi chifukwa cha timapepala. Pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 pa 100 alionse amene anavota anasankha zipani zambiri.

Chodabwitsa china n'chakuti Aleke Banda, amene anayambitsa nyuzipepala ya The Nation chaka chomwecho, ndi yemwe uja anali mkonzi wa Malawi News ya Kongeresi pachiyambi, asanatsekeredwe zaka 12 ndi boma limene analitumikira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

6. Demokalase sinachotse ndodo, inangoisintha dzina. Mu 2011 boma la Bingu wa Mutharika linasintha gawo 46 la malamulo a milandu kuti nduna izitha kuletsa nyuzipepala, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julaye bungwe la MACRA linaletsa mawailesi kuulutsa zochitika pompopompo pamene apolisi ankamenya atolankhani. Gawolo linachotsedwa mu 2012. Mu Epulo 2022, pansi pa Lazarus Chakwera, apolisi anagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, kumulanda foni ndi kompyuta, kuti aulule amene anamupatsa chikalata chokhudza wamalonda Zuneth Sattar. Gondwe anakana. Mu 2024 anabisala atalemba za ndalama zimene asilikali ankalipira kampani yokhudzana ndi Sattar yemweyo. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti, limene ambiri ankayesa ndi la akuba a pa foni, lagwiritsidwanso ntchito pomanga atolankhani, monga Macmillan Mhone mu Epulo 2024.

7. Mlandu umene unapepuza atolankhani unayambira pa Facebook, ndipo mwini wake sanali mtolankhani. Joshua Chisa Mbele anazengedwa mlandu woipitsa mbiri ya mkulu wa asilikali pa nthawiyo, Vincent Nundwe. Iye anakatsutsa lamulo lenilenilo, ndipo mu Julaye 2025 oweruza atatu a bwalo lalikulu anagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Tsopano amene waipitsidwa mbiri ayenera kukasuma yekha n'kupempha chipepeso.