Njira Yozungulira ya Amayi a Nkhuni

Ku Katawa mu Mzuzu, ukanena kuti mawa ulawirira ku nkhalango ya Kaning'ina, funso limakhala limodzi: "Mukukatengako chiyani?" Ukati ukungokayenda, amakuyang'ana ngati mutu wasokonekera. Kwathu kuno thengo salowamo chabe. Umapita ndi chikwanje n'kubwerako ndi mtolo, ndipo mvula ikagwa pamawonjezereka bowa ndi masuku.

Ku Luxembourg kuli Mullerthal Trail, njira ya makilomita 112 ya zigawo zitatu, chilichonse chodutsa m'nkhalango ndi m'zigwa za mitsinje n'kukubwezera pomwe unayambira. Ku Germany, bungwe la Schwarzwaldverein, lomwe linayamba mu 1864, limakhoma zizindikiro m'mitengo kuti mlendo asasochere. Munthu amayenda tsiku lathunthu n'kubwerera chimanjamanja, mtima uli mbee. Ife tikamva timaseka.

Komatu njira yozungulira nafenso tili nayo, kungoti palibe anaijambula papepala. Mayi wa nkhuni amanyamuka m'bandakucha, chifunga cha Mzuzu chisanachoke, chitenje chitanyowa kale ndi mame. Kolowera n'kwina, kotulukira n'kwina. Popita amakwera chitunda molunjika, poti mutu ndi wopepuka. Pobwerera, mtolo wotalika kuposa mwini wake uli pankhata, amatsata chigwa, khosi lili nji, mapazi akufufuza okha popondapo. Amazembanso pomwe alonda a nkhalango amakonda kubisala, pakuti lamulo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, ndipo chikwanje chikalandidwa, kwawo kugona ndi njala. Zizindikiro zake si za penti ayi: chulu chachikulu, chitsa chopsa, mwala woterera pomwe mnzake anathyokerapo mwendo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ku Ulaya woyenda m'nkhalango amamuona ngati woiteteza, pomwe kuno amayamba n'kumukayikira. Nawonso azunguwo ufulu woyenda m'thengowu sanabadwe nawo. Mu 1932 anyamata a m'mafakitale a ku Manchester anakwera dala phiri la Kinder Scout, lomwe eni malo ankaletsa, ndipo asanu anakalowa m'ndende.

Madzi amene timatunga pampopi ku Katawa amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo damulo limadalira timitsinje ta m'nkhalango yomweyi ya Kaning'ina. Ambirife timangolipira bilu, sitinaonepo komwe amayambira. Mayi uja amawoloka timitsinjeto, patapata zili m'manja.