Jetpac: Sewero la Nkhondo M'kakompyuta Kakang'ono

Chimangirizo chino chifotokoza za Jetpac, sewero la pakompyuta limene linatuluka ku Britain m'chaka cha 1983, ndiponso chifukwa chimene likukumbukiridwa mpaka lero. Eni ake anali kampani ya Ultimate Play the Game, imene abale awiri, Tim ndi Chris Stamper, anayambitsa pamodzi ndi anzawo m'tauni ya Ashby-de-la-Zouch.

Poyamba tione makina ake. ZX Spectrum inali kompyuta ya m'nyumba imene kampani ya Sinclair Research inatulutsa mu 1982. Inkalumikizidwa ku wailesi yakanema, ndipo masewero ankalowetsedwa kuchokera pa kaseti, mwini wake n'kumadikira kwa mphindi zingapo. Yotsika mtengo inali ndi malo osungira a makilobaiti 16 okha, amene sangakwane ngakhale chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano. Jetpac inayenera kukwana m'menemo.

Chachiwiri ndi kaseweredwe. Wosewera amayendetsa Jetman, munthu amene wabereka kumsana chipangizo chomuulutsa. Ntchito yake ndi kulumikiza zidutswa zitatu za roketi, kutola mafuta amene akugwa kuchokera kumwamba, ndi kukwera roketiyo ikadzaza. Nthawi yonseyi zilombo za kuthambo zikumuzinga, ndipo akangokhudzana nacho chimodzi, moyo umodzi wapita. Motero mfuti yokha siimupulumutsa. Wokonda kuwombera amachedwetsa ntchito, pamene wothamangira mafuta amaiwala mdani. Kukoma kwa seweroli kwagona pamenepa.

Chachitatu ndi luso limene linabadwa chifukwa cha kuperewera. Spectrum inkalola mitundu iwiri yokha m'kabokosi kalikonse ka timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, choncho zithunzi zikayandikana mitundu inkasokonezeka. Mu Jetpac kumbuyo konse n'kwakuda ngati thambo la usiku, ndipo zimenezi zimachepetsa vutoli. Komanso zonse zimachitikira pamalo amodzi: Jetman akatulukira kumanja amalowera kumanzere.

Pomaliza, ntchitoyi inabala zipatso. Jetpac inapata mphoto ya Golden Joystick ngati sewero lopambana la 1983. Abale a Stamper anadzakhazikitsa kampani ya Rare, imene inaika Jetpac mkati mwa Donkey Kong 64 mu 1999 komanso mu Rare Replay mu 2015. Makinawo anatha ntchito kalekale, koma ganizo limene linakwana m'makilobaiti 16 likuseweredwabe.