Zomwe zotsatira za mayeso m'sukulu za pulayimale ku America zimabisa

Makolo ambiri omwe angofika kumene ku America amasankhira ana awo sukulu poona mmene ophunzira ake amakhozera mayeso. Komatu chiwerengero chimenecho chimaulula zambiri za mabanja omwe anawo akuchokera kusiyana ndi luso la aphunzitsi. Kafukufuku wa James Coleman wa mu 1966 anapeza kuti moyo wa kunyumba umakhudza kakhozedwe ka mwana kuposa zipangizo za pasukulu.

Lamulo la No Child Left Behind, lomwe Pulezidenti George W. Bush anasainira mu 2002, linakakamiza sukulu za boma kuyesa ana masamu ndi kuwerenga chaka chilichonse kuyambira giredi 3 mpaka 8. Zotsatira ziyenera kufalitsidwa m'magulu: mtundu wa ana, umphawi, ulumali, komanso omwe akuphunzira kumene Chingerezi. Lamulo lomwe linalowa m'malo mwake mu 2015 silinasinthe zimenezi.

Magulu amenewa ndi omwe kholo la mwana wolankhula Chichewa pakhomo liyenera kuwaunika. Sukulu yotchuka ikhoza kumasiya m'mbuyo ana ophunzira Chingerezi, pomwe ina ya kudera losauka, komwe ambiri amalandira nkhomaliro yaulere, ikuwakweza chaka ndi chaka.